Mutu 6: Injini Yowira, Rediyeta Yozizira

1. Chenjezo la ahedi

Dzina loti Sipanala anamupatsa ndi anzake a m'kalasi, chifukwa m'chikwama chake cha mabuku simunkasowa kasipanala ka nambala teni. Mwini wake sankakwiya nalo. Anali mtsikana wa Fomu 3, ndipo Loweruka lililonse ankapita ku galaja ya azakhali ake kukaphunzira umakaniko.

Bambo ake anali dalaivala wa minibasi ya pasukulu pomwepo. Minibasiyo inali nkhalamba yotheratu. Chitseko chake chinkatsekeka pokhapokha ukachigunda ndi phewa. Temu imeneyo yokha inali itafera pamsewu kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ahedi anawaitanira bambo aja mu ofesi.

"Adalaivala, ine sindidana nanu," anatero ahedi. "Koma makolo akabwera ndi mkwiyo, woyankha ndimakhala ine. Galimoto ikafa ndi ana pamsewu, iwo sanena kuti yakalamba. Amanena kuti ahedi analemba munthu wosasamala. Kawiri konse ndakuikirani kumbuyo. Kachitatu musadzadikire kuti ndikuitaneni. Mudzangobwera nokha n'kusiya makiyi patebulo pano."

Mawu amenewa bambo aja anakawafotokoza kunyumba, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinakome. Ntchito ina analibe. Sipanala ndi azing'ono ake awiri ankadalira makiyi omwewo.

Lachisanu lina bambo aja anaona kuti muvi wa geji yosonyeza kutentha kwa injini ukukwera kupitirira pakati. Lolemba lake kunali ulendo wa ana khumi ndi anayi wopita ku mpikisano wa sayansi. Ndiye Loweruka m'mawa anakasiya minibasi ija kwa mlongo wawo.

2. Loweruka ku galaja

Galajayo inali shedi ya malata, pansi pake pakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri. Azakhali anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, ndipo anali ndi chipsera choyambira padzanja mpaka pachigongono. Anatukula mpando wakutsogolo, pakuti injini ya minibasi imakhala pansi pa mpando, nafufuza osapupuluma. Kenaka anamasula mabawuti awiri n'kutulutsa kachitsulo kadzimbiri kokwana m'manja.

"Wodwala ndi uyu," anatero. "Bwera kuno, mwana wa achimwene, utchere khutu. Madzi akatentha mu injini amapita ku rediyeta kukazizira, n'kubwereranso. Pakati pa ziwirizi pali kachitseko aka, dzina lake themositati. Injini ikatentha, kamatseguka kuti madzi adutse. Mbali ya sipuling'i iyi ndiyo imamva kutentha, ndiye imaloza ku injini nthawi zonse. Ukakatembenuza, sikamva kanthu. Kamangokhala chitsekere, madzi n'kumawira mu injini pamene rediyeta ili zii. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Kumva kwako ndimakudziwa, kumatulukira khutu linalo. Imva izinso. Galimoto ikatentha pamsewu, zimitsa, udikire. Chivundikiro cha rediyeta usachikhudze. Ukuchiona chipsera ichi? Ndinali msinkhu wako womwewu, ndinkafuna kuonetsa anyamata kuti sindiopa. Madzi anandithuvulira, khungu linasendeka ngati la mbatata yophika. Ndiponso usathire madzi ozizira mu injini yamoto, chitsulo chimang'aluka. Ukudikira pamenepo, uzidzifunsa mafunso limodzilimodzi. Pansi padontha? Lamba wa fani ali bwino? Fani ikuzungulira? Paipi yapamwamba yatentha? Ikazizira, madzi alimo? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anapukuta m'manja, napitiriza.

"Chomaliza ndi ichi, ndipo n'chachikulu. Munthu akaumiriza injini muvi uli pofiira, gasiketi yaikulu ya pamutu pa injini, imene imatchinga madzi kuti asakumane ndi oyilo, imapsa. Madzi amalowa mu oyilo. Ukatsegula chivundikiro cha oyilo, umapeza zoyera ngati mkaka wosasa. Ukadzaziona zimenezo, chotsa makiyi. Usadzamvere munthu aliyense wonena kuti pafupi pompa. Gasiketi timasintha, koma ukayenda nayo chomwecho injini yonse imafa, ndipo yakufa sindidzutsa ine."

Foni ya azakhali inalira. Lole ya munthu wina inali itafera pamphambano ndipo inatseka msewu. Iwo anatola bokosi la zida.

"Pala bwinobwino pamene pakhale gasiketi yaing'ono yoletsa madzi kudontha pa themositati," anatero akutuluka. "Themositati yatsopano ili pabenchipo. Usaike. Undidikire, tiika limodzi."

Sipanala anapala, anapukuta, anadikira. Ola linatha. Kenaka pageti panafika anzake atatu atanyamula mpira wamanja.

"Iwe Sipanala, masewera ayamba posachedwa! Ukwatiwa ndi minibasi kapena?"

Apa ndiye pamene mwana uja anapusa. Anang'amba kabokosi, n'kulowetsa themositati ija maso ali kugeti, n'kumanga mabawuti, n'kudzaza madzi. Azakhali anafika iye akusamba m'manja, atatopa, thukuta lili kamukamu.

"Aa, waika kale? Sipuling'i yaloza kuti?"

"Ku injini, azakhali."

Anayankha mwendo umodzi uli kale kunja kwa geti. Zoona zake n'zakuti sanayang'ane n'komwe. Azakhali analiza injini kanthawi kochepa, naona kuti sipakudontha. Bambo aja anabwera mothamanga kuti akaike galimoto kusukulu mlonda asanatseke, ndipo sukuluyo inali pafupi kwambiri moti injini sinatenthe n'kutentha komwe.

3. Pachitunda

Lolemba ananyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Mpikisano unkayamba teni koloko kusukulu ina, mtunda wa makilomita makumi atatu. Ahedi anakhala kutsogolo, maso pawotchi. Sipanala, amene analinso m'gulu la opikisana, anakhala kumbuyo kwenikweni kwa bambo ake.

Atangotuluka m'tauni, iye anasuzumira paphewa pawo. Muvi unali utadutsa pakati.

"Ababa, muvi," ananong'ona.

"Ndauona."

Msewu unayamba kukwera chitunda chachitali. Muvi unagunda pofiira. Bambo aja anachotsa phazi pamoto n'kuyamba kuyang'ana poima.

"Bwanjinso, adalaivala?" anafunsa ahedi. "Nthawi siili kumbali yathu. Pondani moto."

 Kwa bambo aja, kunena kuti galimoto yatentha kunali ngati kudzisiyira okha makiyi patebulo paja. Anaponda moto, akuyembekeza kuti akafika pamwamba mphepo ya potsetsereka iziziritsa injini. Koma kuthamanga sikufika. Minibasi inayamba kulefuka, injini ikulira ngati muli timiyala. M'kati monse munadzaza fungo la chitsulo chopsa. Atatsala pang'ono kufika pamwamba, nthunzi inatulukira pansi pa mpando wa ahedi, iwo n'kudumpha ngati akhalira singano.

"Mayo ine! Tsikani nonse!"

Ana anatsika mopanikizana n'kuima m'mbali mwa msewu. Ahedi anavula magalasi awo amene anali atachita nkhungu.

"Simunathire madzi," anatero.

"Bwana, ndinaona m'mawa. Anali odzaza."

"Odzaza? Nanga utsi uwu ndi wa chiyani? Aka n'kachitatu, adalaivala. Kachitatu!"

Manyazi ndi mantha zinawasokoneza mutu bambo aja. Anatukula mpando, natola chisanza, n'kutambasula dzanja kuti atsegule chivundikiro cha rediyeta. Pafupi anali ataika kale chigubu cha madzi ozizira.

"Ababa, ayi!"

Sipanala anawagwira mkono ndi manja onse awiri.  Mwana kugwira bambo ake chotero pamaso pa anthu, zinali zosaoneka.

"Tandisiya, iwe!"

"Mupsa, ababa. Kumbukirani mkono wa azakhali. Ndipo mukathira madzi ozizirawa, injini ing'aluka. Chonde, tidikire."

Bambo aja anamuyang'ana, nayang'ana chivundikiro chimene chinkalira kuti tsiii. Chisanza chinagwa pansi.

"Tidikire mpaka liti?" anafunsa ahedi.

"Theka la ola, bwana."

Ahedi anangopukusa mutu n'kupita pamthunzi kukaimba foni.

4. Paipi yapamwamba

"Sipanala, lero ndi lero, tione ngati dzinalo si lachabe!" anafuula mnyamata wina. Ena anaseka, koma iye sanaseke nawo.

Anagwada n'kusuzumira pansi pa galimoto. Panali padontha pang'ono pokha, pa kapaipi kotaya madzi akawira. Mapaipi ena onse anali ouma. Anadina lamba wa fani ndi chala, lamba anali wolimba. Anapukusa fani, fani inazungulira bwinobwino.

Kenaka anayandikiza dzanja pa injini. Moto wake unali woti ungaotche chimanga. Anagwira paipi yapamwamba, yopita ku rediyeta. Inali yofunda chabe. Anagwira rediyeta. Inali zii.

 Injini yowira, rediyeta yozizira. Mawu a azakhali a Loweruka anabwerera onse, ndipo ulendo uno sanatulukire khutu linalo.

Bambo ake anagwiranso rediyeta ija n'kudabwa. "Madzi sakudutsa," anatero. "Ndiye kuti kachitsulo katsopano kaja n'kachinyengo. Masiku ano m'masitolo akugulitsa zinyalala."

Ahedi anamva ali pamthunzi paja. "Ulendo woyamba linali batire, wachiwiri linali tayala, lero ndi sitolo. Zifukwa sizikutherani, adalaivala. Kaya ndi chitsulo kaya ndi madzi, wosamala galimotoyi ndinu." Atatero anabwerera pafoni. "Inde, tafa panjira. Dalaivala wathu watichititsanso manyazi."

Bambo aja anakhala pamwala, chipewa chili m'manja, mutu uli zyoli. Sipanala anali asanawaonepo chotero, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Theka la ola litatha, anaphimba chivundikiro ndi chisanza, n'kuchipotokola pang'ono kuti mpweya uyambe watha. Kenaka anatulutsa kasipanala kake m'chikwama n'kumasula mabawuti awiri aja. Anatukula chotsekera. Themositati inali pamalo pake, yonyezimira, sipuling'i yake italoza ku rediyeta.

Panalibe amene ankayang'ana. Akanatha kuizula ndi zala ziwiri, kuitembenuza n'kuibwezera. Akanatha kunena kuti inangokakamira, ndipo aliyense akanamutama kuti ndi katswiri. Koma makiyi akanapita patebulo la ahedi madzulo omwewo.

Sanaikhudze. Anaika manja kumbuyo.

"Bwana ahedi, ababa, ndikupempha mubwere mudzaone ndisanachotse kanthu."

Onse awiri anabwera n'kuwerama.

"Sipuling'i iyi imayenera kuloza ku injini," anatero Sipanala. "Apa yaloza ku rediyeta. Chitsulochi chilibe vuto, ndipo madzi anali odzazadi monga ananenera ababa. Ndinaika ndine Loweruka. Azakhali anandiuza kuti ndiwadikire, ine sindinadikire, ndinkathamangira mpira. Atandifunsa ngati ndaika bwino, ndinanama. Ababa sanadziwe kanthu."

 

"Iwe?" anatero bambo ake motsitsa mawu. "Iwe amene unalipo tsiku lija ndinkafotokoza za makiyi?"

Misozi inatsika m'masaya mwa Sipanala. 

Ahedi anavala magalasi awo, nayang'ana ana onse.

"Nonsenu mwamva. Mtsikana uyu walakwa kawiri. Kulakwa koyamba ndi kwa manja, ndipo kumeneko aliyense wophunzira ntchito amalakwa. Kwachiwiri ndi kwa pakamwa. Akananena Loweruka kuti sindinayang'ane, azakhali ake akanamasula mabawuti awiri okha, basi. Taonani lero, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi tili padzuwa, ndipo ine ndanyoza bambo ake pafoni pa mlandu umene sanapalamule. Bodza laling'ono limakwera nawo galimoto, silitsala ku galaja. Komabe wandiitana kuti ndione ndi maso anga pamene akanatha kubisa. Chimenecho sindichiiwala. Tsopano iwe, ungathe kukonza?"

"Ndingathe, bwana."

Anazula themositati n'kuitembenuza. Koma gasiketi yaing'ono ija inali itang'ambika pomasula. Anaganiza pang'ono, natulutsa kope lake la sayansi n'kuthothola chikuto chake cholimba. Anachidinda pachotsekera kuti chizindikiro chitsale, n'kudula ndi lumo losongolera pensulo. Anachipaka girisi amene bambo ake ankasunga m'kachitini, n'kumanga mabawuti mosinthanasinthana.

Madzi a m'chigubu sanakwane, ndiye ana anapereka a m'mabotolo awo. Sipanala ankathira pang'onopang'ono, uku akufinya paipi kuti mpweya utuluke. Bambo ake analiza injini. Iye anagwira paipi yapamwamba n'kudikira. Mphindi zisanu zinatha, kenaka zisanu ndi zitatu. Mwadzidzidzi paipi inatentha m'manja mwake.

"Yatseguka! Madzi akudutsa!"

Ana anaomba m'manja. Muvi unakhazikika pakati. Ahedi anatembenukira kwa bambo aja.

"Adalaivala, pa za madzi ndinakunamizirani, pepani. Koma muvi munauona uli pofiira, simunanene. Inenso ndinakukakamizani, ndikuvomera. Tichite chonchi. Galimotoyi ikatibweza bwino kusukulu madzulo ano, za lero ndaziiwala. Ikafanso, tebulo lija mukulidziwa."

5. Chala

Anafika mochedwa ndi ola lathunthu. Oweruza anawachitira chifundo n'kuwalola kuonetsa ntchito yawo pomalizira. Sipanala analankhula mbali yake, koma akanafunsidwa zimene ananena sakanakumbuka. Panjira paja, atatsika chitunda, anali ataona pagalasi lakumbuyo kautsi koyera kakuwatsatira.

Cha m'ma fili koloko, anzake akujambulitsa zithunzi pakhonde, iye anapita kumene anaimika minibasi. Bambo ake anali pamenepo, akupukuta galasi. Chichokereni pachitunda paja anali asanamulankhule.

"Mwana wanga," anatero osatembenuka, "wandipweteka lero. Koma zimene unachita pamaso pa ahedi, si ana onse angachite."

Sipanala anangogwedeza mutu. Anatukula mpando. Injini inali itazizira. Anatsegula rediyeta. Madzi amene anadzaza m'mawa anali atatsika kwambiri. Anasuzumira pansi pa galimoto, pansi panali pouma. Gasiketi yake ya chikuto cha kope inali gwa, osadontha ngakhale pang'ono.

Nanga madziwo anapita kuti?

Anapotokola chivundikiro cha oyilo n'kupisa chala kunsi kwake. Chala chinatuluka chitapakika zoyera, zonanda, ngati mkaka wosasa.

Bambo ake anasiya kupukuta galasi. Anali mlongo wa makaniko, sanafunike kuuzidwa tanthauzo lake. Anayang'ana chala chija kwa nthawi yaitali, kenaka anayang'ana kukhonde. Ahedi anali akutsanzikana ndi oweruza, ndipo ana anali atayamba kutola zikwama zawo.

"Ndi makilomita makumi atatu okha," ananong'ona bambo aja. "Tiyenda pang'onopang'ono. Tikangolowa pageti la sukulu, ntchito yanga yapulumuka. Zinazo tikaona mawa ndi azakhali ako."

"Ababa, azakhali anati tikaona zimenezi tichotse makiyi. Injini yonse ifa."

"Makiyi omwewo ndiwo mumadyera iwe ndi azing'ono ako."  Anamupatsira chisanza chimene ankapukutira galasi. "Pukuta, mwana wanga. Ndakupempha."

Sipanala anayang'ana chisanza, nayang'ana nkhope ya bambo ake. Chisanzacho sanachilandire, ndipo chala sanachipukute. Kumbuyo kwake kunamveka nsapato zikuponda miyala.

"Eya, amakaniko athu, tinyamuke?" anatero ahedi akumwetulira. Kenaka anaima n'kukonza magalasi awo. "Nanga chili pachala chakocho n'chiyani?"